Lamlungu Limene Tinagonetsa Madzi pa Tannery Row

Ndinagwira ntchito ku ofesi ya madzi ya tauni ya Ashmoor zaka 19, ndipo m'zaka zonsezo sindinajombepo popanda kalata ya dokotala. Ndikuyamba ndi zimenezi chifukwa pali anthu m'tauni muno amene masiku ano amanditcha wosokoneza. Ine Marlys Dombek sindinali wosokoneza ayi. Ndinali munthu womvera, womvera mopusa, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero.

Ntchito yanga inali yowerenga mamita. Ndinkatsikira m'chipinda chapansi cha nyumba iliyonse ndi tochi m'manja, kulimbana ndi akangaude ndi agalu a eni ake. Koma zaka zitatu zilizonse, mu Seputembala, ndinkapatsidwa ntchito ina yooneka yaulemu. Ku labotale kunkachokera mabotolo makumi awiri, ine n'kuwagawa m'nyumba makumi awiri kuti anthu atungiremo madzi a pampopi wa kukhitchini, akayezedwe ngati muli mtovu, chitsulo chija chapoizoni. Botolo lililonse linkapita ndi kapepala ka malangizo. Kankati madzulo chotsani kasefa ka kukamwa kwa mpopi, tsegulani madzi athamange mphindi zisanu, kenako musakhudzenso mpopi uliwonse m'nyumbamo kwa maola asanu ndi limodzi, m'mawa mudzaze botolo pang'onopang'ono. Mawuwo anali a bwana wanga, a Vern Haverkamp. Wotayipa ndinali ine, ndipo pansi pake panali dzina langa ndi nambala yanga ya foni.

Nyumba zake zinali zomwezomwezo, za kumtunda ku Orchard Hill, kumene kumakhala dokotala wa mano, aphunzitsi opuma pantchito ndi alamu awo a Vern. Zotsatira zinkabwera zabwino nthawi zonse, a Vern n'kuzimata pakhoma pafupi ndi kalendala. Ndinayenda ulendo umenewu kasanu ndi kamodzi.

Mwana wanga Corinne sakhala kumtunda. Amachita lendi nyumba nambala 31 pa Tannery Row, kumunsi kufupi ndi njanji, ndipo amagwira ntchito pa fakitale ya nkhuku ngati aliyense wa pamsewu umenewo. Ali ndi mwana wamkazi, Odessa, amene timangomuti Dessa. Chaka changa chomaliza pantchitoyo, Dessa atakwanitsa zaka ziwiri anamubaya pachala kuchipatala cha ana, monga amachitira ana onse, ndipo patatha sabata namwino anaimba foni kuti m'magazi mwake muli mtovu wochuluka. Kunabwera bambo wa zaumoyo. Anapala penti ya m'mawindo, anatenga dothi la pabwalo, zonse zinapezeka zabwinobwino. Atafunsa za madzi, Corinne anamuyankha monyada kuti amayi ake amagwira ntchito kumadziko, ndipo madzi a Ashmoor sanalepherepo mayeso.

Atandifotokozera zimenezi ndinakumbukira paipi ya kwawo. Chipinda chapansi cha nambala 31 ndinkachidziwa kuposa khitchini yanga. Paipi yolowetsa madzi m'nyumba imeneyo ndi yotuwa, yofewa, ukaikanda ndi kiyi imanyezimira. Pa Tannery Row ponse mapaipi ndi otero, anawakwirira agogo athu asanabadwe. Ndinkadziwa kuti ndi mtovu. Ndinkangodziuza kuti a Vern anaphunzira zimenezi kusukulu, ine ayi.

Lolemba m'mawa ndinawapeza akumwa khofi, mapazi ali patebulo.

"A Vern, chaka chino muike nyumba ya Corinne pamndandanda."

"Ndamva za kamdzukulu kanu, a Marlys, pepani kwambiri. Koma ana amanyambita chilichonse, mukudziwa. Zidole zamasiku anozi."

"Muiike pamndandanda."

"Kumunsi kuja madzi sagona," anatero. "Lamulo likuti maola sikisi. Ndiuzeni nyumba imodzi pa Tannery Row imene mpopi umapuma maola sikisi. Uyu waweruka leveni, akusamba. Uyo wadzuka folo, akuphika khofi. Pakati pomwepo mwana wagejemula chimbudzi. Botolo lochokera kumeneko ku labotale akalikana. Vuto si ine, ndi mashifiti."

"Nanga zotsegula mpopi mphindi zisanu zija, lamulo likutero?"

Anatsitsa mapazi. "Lamulo silikuletsa."

"Sindinafunse zimenezo."

"Mwatsala ndi zaka zitatu kuti mupume pantchito, a Marlys. Mabotolo afika Lachisanu, wa ku labotale adzawatenga Lolemba eyiti koloko. Orchard Hill, monga mwa nthawi zonse."

Tsiku limenelo ndinawerenganso kapepala kanga kaja ngati ndikukaona koyamba. Ukafuna kudziwa zimene mwana amamwa, umayamba watsuka paipi n'kuchotsa kasefa kamene kamakola tizidutswa ta mtovu? Kumeneko n'kusesa m'nyumba utamva kuti alendo ali panjira. Ndinachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka ukali, ndipo ukaliwo sunathe ayi.

Lachisanu mabotolo atafika ndinawaika m'buti ya galimoto yanga, n'kutsetserekera kumunsi m'malo mokwera chitunda. Ndinaima pa nambala 12, kwa mayi Eulalia Tibbs. Mayi ameneyu wakhala akudula nkhuku pa fakitale zaka makumi atatu, ndipo akalankhula pakhonde amamveka ngakhale sitima ikudutsa. Pa Tannery Row palibe chimene chimachitika iye asanavomere.

"Ndiye mwabwera kudzatiyeza?" anatero nditamuonetsa mabotolo. "Ife timayesa madzi athu ndi onyansa moti sangalowe m'botolo la boma."

"Ndinyozeni bwino, mayi Tibbs, ndine woyenera. Mukamaliza mundithandize."

"Sindinamalize."

Ananyozadi. Anayambira pa ine, anadzera pa a Vern, anafika pa meya, n'kubwereranso pa ine. Ndinakhala pasitepe n'kumamvetsera, chifukwa panalibe bodza m'mawu ake. Atatopa ndinamufotokozera za maola asanu ndi limodzi ndi za mashifiti. Anayang'ana msewu wonse kuchokera kunjanji mpaka kumlatho.

"Ngati madzi sagona chifukwa m'nyumba muli anthu, ndiye tichotsemo anthuwo," anatero. "Lamlungu fakitale imatseka seveni m'mawa kuti atsuke makina, imatsegula fili masana. Lamulo lanulo likuti madzi agone usiku?"

"Silikutero. Likungoti maola sikisi."

"Basi, agona masana ngati wa shifiti ya usiku."

Loweruka tinayenda khomo ndi khomo, ine ndi mabotolo, iye ndi pakamwa pake. Kapepala kakale ndinakasiya m'galimoto. Malangizo ndinkawanena ndekha: musatsuke paipi, musachotse kasefa, gwiritsani ntchito madzi monga mwa masiku onse mpaka eyiti koloko m'mawa, kenako tulukani nonse, ndi galu yemwe. Ena anavomera msanga. Ena anakanda pamutu, akuopa eni nyumba, mpaka mayi Tibbs atawafunsa ngati mwini nyumbayo ndi amene anawaberekera ana. Corinne anangolandira botolo lake n'kuliika pamwamba pa filiji. Ndinayesa kuti wangotopa.

Lamlungu isanakwane eyiti ndinalowa m'nyumba zonse makumi awiri ndi tepi yabuluu ya amisiri openta. Ndinamata mipopi ya kukhitchini, ya kubafa, ya panja, ndi chogejemulira cha chimbudzi chilichonse. Makiyi onse anapita m'chitini cha khofi chimene mayi Tibbs anachikumbatira ngati khanda. Kenako msewu wonse unasamukira ku bwalo la mpira kuseri kwa nyumba ya ozimitsa moto, kumene kuli mthunzi ndi zimbudzi ziwiri. Opita kutchalitchi anauzidwa kuti akaweruka asadzere kunyumba, ngakhale atathiridwa mzimu wotani.

Sindinaonepo Tannery Row yonse ili maso nthawi imodzi. Anthu oyandikana nyumba zaka khumi ankadziwana magalimoto okha, tsiku limenelo anaonana nkhope. Panali soseji pamakala, chimanga chowotcha, saladi ya mbatatesi m'mabeseni atatu opikisana, ndi payi ya maapozi imene inatha isanakwane teni. Nkhuku panalibe. Pa Tannery Row ukabweretsa nkhuku pachisangalalo amakuyesa wamwano.

Cleon Batiste wa pa nambala 19 anafika kuchokera ku shifiti ya usiku ali ndi magambuti ake, n'kulunjika pachitini.

"Mayi, kiyi wanga. Mphindi ziwiri zokha, ndingodzithira madzi."

"Ukasamba thu koloko."

"Koma mukundimva fungo?"

"Tikukumva tonse, mwanawe, ndi aku Orchard Hill omwe. Kakhale uko kumene ikupita mphepo."

Anthu anafa nacho chiseko. Cleon anakokera mpando wake kumapeto kwa bwalo, ana n'kumamuperekera chakudya atatsina mphuno. Mkulu wina wokalamba anadandaula kuti chibadwire sanakhalepo pachimbudzi cha gulu, mayi Tibbs n'kumuuza kuti munthu sakalamba pophunzira zinthu zatsopano, apite asanachite ngozi. Ine ndinkangoyang'ana wotchi. Ola lililonse likatha ndinkalengeza, anthu n'kuwomba m'manja ngati tagoletsa chigoli.

Itangokwana thwelofu ndinaona Dessa ali pamwendo pa mayi Tibbs, akunyambita chitsononkho. Corinne sankaoneka.

"Wapita kukatenga chipewa cha mwana m'galimoto," anatero mayi Tibbs. "Kiyi wake ali muno, musadandaule."

Chipewacho chinali pamutu pa Dessa. Ndipo kiyi wa kuseri kwa nambala 31 amakhala pansi pa mphika wa maluwa, ndinamuikapo ndine.

Ndili ndi mawondo a munthu amene wakhala akutsika masitepe zaka 19, koma tsiku limenelo ndinathamanga. Ndisanafike pakhomo ndinali nditawamva kale madziwo. Ndinapeza Corinne ataimirira pasinki, mpopi utatsegulidwa mpaka kumapeto, tepi yanga ili pansi. Kasefa kanali pambali pa sopo, katatsukidwa bwinobwino ndi mswachi.

Ndinatseka mpopiwo mwamphamvu moti paipi inagunda m'khoma.

"Wachita chiyani iwe?"

"Zimene mukuonazi."

"Anthu makumi asanu ndi limodzi akupsa ndi dzuwa uko chifukwa cha mwana wako. Cleon akununkha ngati dzala chifukwa cha mwana wako. Iwe n'kubwera kudzatsuka?"

"Sindinawatume."

"Corinne, ndiyang'ane."

Anandiyang'ana, maso ali ofiira. "Mwini nyumba anabwera dzulo madzulo. Akuti nambala ikatuluka yoipa sakonza chilichonse, angotseka nyumbayi n'kuigulitsa. Ndipita kuti ndi mwana, amayi? Kukachipinda kanu kamodzi kaja? Ndipo mayi wa zosamalira ana wabwera kale kawiri chibwerere cha zamagazi zija. Amatsegula filiji, amayang'ana pansi pa bedi, amalemba. Akamva kuti ndimamwetsa mwana poizoni, mukuganiza alemba chiyani?"

"Si iwe ukumumwetsa."

"Pafomu palibe malo olembapo zimenezo."

"Ndiye bola azimwabe?"

"Ndikumugulira a m'sitolo."

"Ophikira? Osamba? Akakwera pampando n'kutsegula yekha, udzakhala uli kufakitale."

Anatola kasefa kaja n'kuyamba kukabwezera. "Mphindi zisanu, kuchotsa kasefa. Ndili kusekondale ndinkakuthandizani kupinda timapepala timeneti patebulo, mwaiwala? Munkati ndi mmene amachitira anthu aukhondo. Mwandiphunzitsa ndinu, amayi. Lero musandiyang'ane ngati ndaba."

Ndinatola tepi pansi n'kuimatanso pampopi, ngakhale ndinkadziwa kuti n'zopanda pake. Botolo la nambala 31 tinalidzaza sikisi koloko madzulo, madzi atagonanso maola ake, koma linali botolo la mtundu wa Orchard Hill, lotsuka kale. Nyumba zina khumi ndi zisanu ndi zinayi zinadzaza thu koloko, mayi Tibbs ataimirira pakati pa msewu n'kumawerengera mokweza ngati chaka chatsopano. Palibe amene ndinamuuza za Corinne. Pafomu ya botolo lake sindinalembepo chilichonse chachilendo. Anali mwana wanga, ndipo ndinachita mantha.

Lolemba ndinamudikirira wa ku labotale pageti, a Vern asanafike. Maadiresi ndinalemba enieni. Labotale imatumiza zotsatira kuwiri, kwathu ndi ku boma, choncho zitatuluka panalibenso khoma lozibisapo. Malire a mtovu amene lamulo limalola ndi 15. Nyumba khumi ndi zinayi zinapitirira. Kwa mayi Tibbs kunatuluka 96, kwa Cleon 58. Pa nambala 31 panatuluka 6.

A Vern anandiimitsa ntchito tsiku lomwelo, kuti ndinasintha mndandanda popanda chilolezo. Anandilanda makiyi ndi tochi. Tochiyo inali yanga, koma ndinawasiyira kuti mwina tsiku lina adzatsikire m'chipinda chapansi.

Msonkhano unachitikira m'holo ya sukulu. Kutsogolo kunakhala meya, a Vern, ndi mayi wina wa ku boma wotchedwa Lindqvist, wamagalasi, amene ankalemba kwambiri kuposa kulankhula. Tannery Row inadzaza mipando ya kumanzere. Corinne anakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko, Dessa ali pamiyendo. A Vern anavala tayi. Anafotokoza modekha kuti tauni yamva kulira kwa anthu, ndipo mapaipi asinthidwa m'nyumba zonse zimene zapitirira malire, kuyambira nambala 2 kutsika ndi msewu. Zotsalazo zidzaonedwa mtsogolo.

"Ndipo kuti mitima ikhale pansi," anatero, "ndinene izi. Nkhani yonseyi inayamba ndi mwana mmodzi amene tonse tikumufunira zabwino. Nyumba ya mwana ameneyo yapezeka ndi sikisi. Sikisi basi. Ndiye chimene chinamudwalitsa chifufuzidwe kwina, madzi athu alibe mlandu pamenepo."

Ndinatembenuka kuyang'ana Corinne. Anali atazyolika, chibwano chili pamutu pa mwana. Nambala 31 sinali pamndandanda wokumba. Mwini nyumba anali ndi pepala loti madzi ake ndi abwino. Dessa akanakulira pampopi umenewo, ndipo aliyense akanati boma linayeza.

Ndinaimirira. Meya anati nthawi ya mafunso sinakwane, ine ndinati langa si funso.

"Sikisi ameneyo ndi wabodza. Mpopi wa pa 31 unatsukidwa tisanatunge, kasefa kanachotsedwa n'kukwechedwa. Botolo limenelo ndinalinyamula ndine, ndikudziwa, ndipo sindinalembe."

Mayi Lindqvist anakweza mutu. "Anatsuka ndani?"

"Munthu amene anaphunzira kwa ine."

"Ndipo mukuti kutsukako kumatsitsa nambala. Mukudziwa bwanji?"

Ndinatulutsa kapepala kaja m'chikwama n'kukawerenga konse mokweza, mpaka nambala yanga ya foni. Ndinati kapepala kameneka kanapita ndi botolo lililonse limene tauni ino inayezetsa kuyambira pamene ndinayamba ntchito, ndipo mabotolo onsewo anachokera ku Orchard Hill, kumene mapaipi ake ndi a kopa. Ndinati zimenezo ndinaziona ndi maso anga, chifukwa palibe chipinda chapansi mu Ashmoor chimene sindinalowemo.

A Vern anaweramira pa maikolofoni. "A Marlys, ndikukuchenjezani ngati mnzanu. Siginecha imene ili pamafomu onsewo ndi yanu."

"Ndi yangadi. Yanu ili patsamba lachiwiri."

Kumanzere kunabuka phokoso. Mayi Tibbs ankanena zinthu zimene sindingazilembe pano. Nditayang'ananso kuchitseko, mpando wa Corinne unali wopanda munthu.

Msonkhano utatha mayi Lindqvist ananditengera m'kalasi ina, tinakhala patimipando ta ana. Analemba zonse zimene ndinanena n'kundiwerengera. Anandiuza mosabisa kuti ndikasaina, ntchito ndiiiwale, ndipo pangakhale anthu ena amene angafune kundifunsa mafunso ovuta kuposa ake. Anafunsa ngati ndikufuna kuyamba ndaonana ndi loya.

"Maulendo anga ogawa mabotolo ku Orchard Hill, mwalemba kangati pamenepo?" ndinafunsa.

"Ndalemba kuti kangapo."

"Fufutani. Lembani kasanu ndi kamodzi."

Anafufuta, n'kundipatsa cholembera. Sindinachilandire.

"Tsiku loyezanso pa 31 mulilembe kaye. Mubwere nokha, musatume munthu wa tauni ino. Ndipo mayi wa zosamalira ana uja mumulembere kalata kuti vuto ndi paipi, si mayi wa mwana."

"Zachiwirizo si za ofesi yanga, mayi Dombek."

"Ndiye siginecha iyinso si ya ofesi yanu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi kwa kanthawi. Analemba tsiku, analemba dzina la mayi uja, ine ndinasaina.

Mayi Lindqvist anabweradi yekha patatha sabata ziwiri. Corinne anamutsegulira, koma ine sanandiitane. Chichokere m'holo muja sanandilankhule, ndipo Tannery Row ndi msewu waufupi, aliyense anadziwa kuti munthu wophunzira kwa ine uja ndi ndani. Zotsatira zitatuluka Corinne anandiimbira foni Lachinayi masana.

"Handiredi fote," anatero, osapereka moni.

Ndinakhala pansi.

"Mkaka wake wonse wa m'chitini ndinkasungunulira madzi amenewa. Kuyambira ali ndi miyezi itatu, pamene ndinabwerera kuntchito. Kasanu patsiku, amayi. Botolo loyamba m'mawa, madzi oyamba kutuluka."

"Ndikudziwa."

"Munkabwera mwezi uliwonse kudzawerenga mita. Paipi ija munkaiona?"

"Ndinkaiona."

"Ndiye?"

Ndikanatha kutchula a Vern, koma a Vern sanamunyamulepo Dessa, ine ndinamunyamula. Corinne anadula foni.

Okumba anafika Lolemba lotsatira ndi chigalimoto chachikasu chokumbira. Anandipeza nditafika kale. Kapitawo wawo, bambo wandevu zofiira, anali ndi pepala la ku ofesi loyambira pa nambala 2. Nambala 31 anali ataiwonjezera ndi bolopeni pansi penipeni, ndipo anandiuza kuti chisanu chikayamba nthaka iuma, zotsala zidikira mpaka Epulo.

"Muyambira pa 31," ndinatero.

"Mayi, inu ndinu a ku ofesi?"

"Anandichotsa."

"Ndiye pepani, ine ndimatsatira pepala."

"Inenso ndinkatero."

Ndinakwera m'chidebe cha chigalimotocho, chimene chinali chikadali pansi, n'kukhalamo, chikwama pamiyendo. Munali mozizira komanso munali matope. Woyendetsa anazimitsa injini. Kapitawo anaimba foni, anatukwana pang'ono, anaimbanso. Mayi Tibbs anatuluka ndi mpando wake n'kukhala kutsogolo kwa tayala. Nyumba yake inali yachinayi pamndandanda, koma anauza kapitawoyo kuti iye mtovu wamwa zaka makumi atatu, sabata ina simupha. Cleon anaima pambali pake ndi kapu ya khofi. A pa nambala 2 anatuluka n'kunena kuti geti lawo kiyi wake wasowa.

Pofika teni koloko kapitawo anapinda pepala lake n'kuliika m'thumba. Ndinatsika, thalauzi litanyowa, n'kuyenda kutsogolo kwa chigalimotocho mpaka pa 31. Ndinawaonetsa pamene paipi imadutsa, mapazi atatu kumanzere kwa sitepe, osati pamene mapu awo ankanena. Corinne anali pawindo la kukhitchini atanyamula Dessa. Mwanayo anandibayibitsa. Amayi ake sanatsegule chitseko, ndipo ine sindinagogode. Ndinaimirira m'mphepete mwa dzenje mpaka paipi yonse inatuluka.